Anyamata inu, kukhuta si kudya

Dzulo pa depoti ndinaona mnyamata wa kabaza, thukuta lili kamukamu, atapalasa njinga kuyambira mbandakucha. Nkhomaliro yake? Mandasi atatu ndi botolo la zakumwa zija mumati zimapatsa mphamvu. Nditamufunsa kuti ndiwo anadya liti, anangoseka, amvekere, "Madala, bola m'mimba mwalowa kanthu."

Ayi, ana anga. Kudzaza mimba ndi kwina, kumanga thupi ndi kwina. Akatswiri a zakudya amati munthu wamkulu amafunika magalamu 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Ndiye kuti iwe wolemera makilogalamu 65 ukufunika magalamu 52, ndipo ngati umaumba njerwa, kusenza matumba kapena kunyamula zitsulo, ukufunika oposa pamenepo. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Tsono tawerengera wekha, mitanda isanu ya nsima ya ufa woyera ndi kabichi wa madzi okhaokha zikufikitsa pati? Chimanga chili nawo mapuloteni, inde, koma ndi operewera, amakwanira bwino akakumana ndi a nyemba, nandolo kapena khobwe. Kondowole ndiye musanene, ali ndi ochepetsetsa.

Musandiuze za umphawi, ndikuudziwa, ndipo mitengo ya zinthu yakweradi. Koma ndalama yobetchera mpira mumaipeza. Ya kachasu mumaipeza. Ya bando ya intaneti simuphonya ngakhale tsiku limodzi. Ikafika nkhani ya kamulu ka usipa, mwayamba kulira kuti zinthu zavuta.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kunyoza. Mtedza, nzama, bonya, matemba, nyama ya soya, ngumbi, mbewa, zonsezi mwazitcha zachimidzi. Mumaona ngati kudya kwapamwamba ndi chipisi cha pachiwaya chosambira m'mafuta a dzana. Agogo anu ankalima dzuwa lonse osagwa, ndipo mphamvu zawo zinkachokera ku ndiwo zotendera ndi chipere, osati m'botolo. A Unduna wa Zaumoyo akhala akulalika za magulu 6 a zakudya, inu n'kumati zimenezo ndi za amayi a kusikelo.

Mdzukulu wanga wina (sindimutchula, adziwa yekha akawerenga) anakongola ndalama n'kugula chitini cha ufa wokulitsa minofu kwa munthu wa pa Facebook, chopanda ngakhale tsiku lotha ntchito. Pakhomo pawo pali thumba la soya ndi nkhuku zoikira. Mazira amagulitsa, chitini n'kumachisunga kumutu kwa bedi ngati mankhwala.

Amene mukudandaula kuti nyemba zimatha makala, ziviikeni m'madzi usiku musanagone, mawa lake zipsa msanga. Muphike zambiri kamodzi, zina mudyere m'mawa musanakwere njinga.