Chenjezo: lekani kumanga wastegate ndi waya

Zimene ndaona sabata yathayi zandipweteka mtima, ndipo sindingakhale chete. Mwana wa mnzanga wabwera kwathu galimoto yake ikukokedwa pa chingwe. Kutsegula boneti, ndikupeza kamkono ka wastegate, kachitseko kotulutsa utsi wina kuti turbo isathamange mopyola muyezo, katamangidwa ndi waya, kopindapinda ndi pulayala. Ndinamufunsa kuti mwanawe, wachita zimenezi ndani? Akuti makaniko wina anamuuza kuti mphamvu imathawira pamenepo. Pisitoni imodzi inali itabooka pamwamba. Turbo, chija chimazunguzidwa ndi utsi n'kumapopera mpweya mu injini, inali yachiwiri, yatsopano, poti yoyamba anaichotsa ati yatha. Nanga chimene chinkadwala n'chiyani? Paipi ya labala yochokera ku intercooler, choziziritsa mpweya wa turbo, inali ndi mng'alu kunsi kwake, wotalika ngati chala, oilo wakuda ali mbwee pozungulira. Tinaupeza ndi madzi a sopo pasanathe mphindi 10.

Injini yonse kufera kapaipi! Kodi anyamata inu, nzeru munazisiya kuti?

Dandaulo lake ndi lomwe ndimamva tsiku ndi tsiku. Galimoto imanyamuka bwino, koma ukaponda moto pa mtunda, muvi wa liwiro la injini ukadutsa 3,000 kapena 4,000, imafooka ngati wina waigwira kumbuyo. Mukangomva zimenezo mwathamangira kale kukagula turbo. Ena mukufupikitsa kandodo ka actuator, chimene chimatsegula ndi kutseka wastegate, ena mukuzula kapaipi kake n'kutseka ndi bawuti, ena mukuika kavavu kogula pa intaneti n'kumapotokola usiku ngati wailesi. Ndani anakuuzani kuti wastegate ndi mdani wanu? Kachitseko kameneko anakaika kuti kazitulutsa utsi wina turbo isapenge. Shafti ya m'kati mwa turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, ndiye inu mukuichotsera chotetezera chimene ili nacho. Pamene pali mng'alu, turbo imakhala ikuthamanga kale mopyola muyezo pofuna kudzaza chibowo chosadzadzika. Mukamanga waya mukufuna ithamange bwanjinso? Ya petulo iyamba kugogoda n'kusungunula pisitoni, ya dizilo iphulitsa gasiketi. Mapiko a turbo akathetheka, zidutswa zake zimalowa mu injini momwemo.

Mng'alu wa paipi ndi wochenjera. Injini ikamalira pang'onopang'ono umatsekeka, ukasuzumira suona kanthu. Umayasama pokhapokha mpweya ukachuluka, n'chifukwa chake vuto limaonekera pa liwiro basi. Chomangira paipi chikakhwepa n'chimodzimodzi. Simukumva kodi kuti fyiii mukaponda moto? Utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo kwa dizilo yanu, mukuyesa ndi mphamvu? Mpweya umene unayenera kuwotcha mafutawo wathawira panja.

Kuyeza kwake sikufuna sukulu. Tsekani kukamwa kwa turbo ndi chivindikiro cholimba, lowetsani mpweya wa kompuresa pang'onopang'ono, musapyole bar 1, imene ili pafupifupi psi 14.5, kenako wazani madzi a sopo polumikizira paliponse, pa intercooler pomwe. Pamene pakutuluka thovu ndi pomwepo. Ndanena kuti pang'onopang'ono, chifukwa ndinaonapo wina atalumikiza kompuresa yonse osachepetsa mphamvu, chivindikiro chinauluka ngati chipolopolo n'kumuphonya diso pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako ndi kumene kukusowa masiku ano.

Mukapeza kuti mapaipi ali bwino, musalumphirebe ku turbo. Fyuluta ya mpweya munaisintha liti? Ina ndikaitulutsa imalemera ngati njerwa, ndipo paipi yofewa ya kumbuyo kwake imaphwafuka turbo ikayamba kukoka kwambiri. Kumbuyo nako, ku ekizosi, choyeretsa utsi, catalytic converter kapena DPF, chikatsekeka, utsi umasowa kolowera ndipo injini imabanika pa liwiro pomwepo. Manifodi, mapaipi otengera utsi kuchoka mu injini, ikang'aluka, utsi umathawa usanafike pa turbo, mwaye wake umaoneka ndi maso. Pali timapaipi ta vacuum touma ndi kutentha, pali solenoid imene imalamulira actuator, pali diverter valve, vavu yopatutsa mpweya ukachotsa phazi pa moto, yong'ambika labala, pali sensa ya MAP, yoyeza mphamvu ya mpweya wolowa mu injini, yomatidwa ndi phala la oilo ndi mwaye. Sipuling'i ya actuator ikatopa, utsi umakankha kachitseko kaja n'kukatsegula nthawi isanakwane, ndipo mankhwala ake ndi actuator ina yoyezedwa bwino, osati waya. Pa dizilo zambiri za masiku ano muli timapiko tosuntha m'kati mwa turbo, timene timagwidwa ndi mwaye ngati galimoto imangoyenda maulendo afupiafupi. Zonsezi zilipo, inu mwasankha chodula koposa n'kuyambira pomwepo. Safunsa anadya phula.

China chimene chimandinyansa ndi ichi chofufuta makhodi. Kompyuta ya galimoto yalemba P0299, kukuuzani poyera kuti mpweya wa turbo wachepa, kapena P0234 kuti wachulukitsa, mwina yadzichepetsera yokha mphamvu kuti ipulumutse injini. Inu mukulumikiza kamakina kowerengera makhodi, kufufuta, kuzimitsa, kulizanso, n'kumasekerera kuti yachira. Yachira chiyani? Kamakina komweko nthawi zambiri kamatha kukuonetsani mpweya umene kompyuta ikufuna ndi umene ukufikadi. Manambala awiriwo mumawayang'ana? Pena mudzapeza akuyendera limodzi, kutanthauza kuti palibe chawonongeka. Turbo yaing'ono imadzaza msanga koma imatha mpweya kumapeto, ndipo opanga ambiri amatsitsa dala mpweya wa turbo muvi ukamayandikira kofiira. Mukulimbana ndi galimoto yabwinobwino.

Ndiye pali awa oyezera pa msewu wa anthu. Dzanja limodzi pa chiwongolero, lina lagwira foni, maso ali pa geji, phazi lafika pansi. Ana akuwoloka, njinga zili m'mbali, inu mukuwerenga ma psi. Mulibe mnzanu woti akhale pambali aziwerenga? Mukafika, turbo ili psuu kutentha, mukuzimitsa nthawi yomweyo, oilo n'kupserera m'mabering'i. Mawa mudzati turbo za masiku ano n'zosalimba.

Turbo yakufadi imadziwika. Injini itazima ndi kuzizira, chotsani paipi, gwirani shafti. Ikamasewera kutsogolo ndi kumbuyo, mapiko akamakhula khoma kapena atabenthuka, utsi wabuluu ukamatsatira galimoto, pamenepo tikambirane zogula ina, ndipo mufufuze kaye chimene chapha yoyambayo, kuyambira pa paipi yobweretsa oilo. Ya mnyamata uja yoyamba ndinaiitanitsa kuti ndiione. Inalibe vuto ngakhale pang'ono.

Amene muli ndi waya pa wastegate panopa, kamasuleni lero. Ndipo musadzabwere kwa ine pa chingwe n'kumati simunamve.