Ndatopa kupepesa milandu ya eni ake

Loweruka lapitali, 11 koloko m'mawa isanakwane, ndinali nditanena kale pepani maulendo khumi ndi anayi. Ndinkawerenga chamumtima chifukwa zinandikwana. Pa maulendo onsewo, mlandu umene unalidi wanga unali umodzi wokha: ndinaiwala kupereka supuni pa tebulo la pakona. Khumi ndi itatu yotsalayo inali milandu ya munthu amene nthawi imeneyo anali kunyanja ndi banja lake, foni atathimitsa.

Ndimagwira ntchito pa kashopu ka khofi ka matebulo asanu ndi anayi kuno ku Cape Town. Ino ndi shopu yanga yachitatu, ndipo matenda ake ndi amodzimodzi. Pa shifiti ya Loweruka timakhalapo atatu: mayi wa ku Zimbabwe kukhitchini, mnyamata wa ku Eastern Cape wotsuka mbale, ndi ine. Ine ndiye wopanga khofi, wotenga maoda, woperekera chakudya, wolandira ndalama, wopukuta matebulo, ndiponso woyankha anyamata a njinga zamoto obwera kudzatenga zakudya za anthu oitanitsa pa foni. Manja ndi awiri omwewa amene ndinachoka nawo ku Thyolo.

Tsikulo panabwera mayi wina wachikulire ndi mdzukulu wake. Anaitanitsa cappuccino ndi sangweji yootcha ya tchizi. Anadikira mphindi 35. Khofi atafika anali wofunda chabe, thovu lake litagwa. Mayiyo sanakuwe. Anangondiitana ndi dzanja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, uyu si khofi wa R42." Ndipo ankanena zoona. Sindinawakwiyire ngakhale pang'ono, chifukwa ndikanakhala ine ndikananena zomwezo. Chimene sindikanatha kuwauza n'chakuti makina a khofiwo akhala akudontha kuyambira mwezi wa Juni, kuti samatentha mkaka bwino akapanga makapu asanu otsatizana, ndi kuti abwana ndawauza pakamwa katatu, pa WhatsApp kawiri, yankho lake n'kukhala lakuti tidikire nyengo ya alendo ya Disembala. Ndinatenga kapuyo, ndinapanga wina, ndinachotsa khofiyo pa bilu. Lolemba abwana atawerengetsa, anandiuza kuti R42 ija adula pa malipiro anga popeza sindinapemphe chilolezo. Ndikanapempha kwa yani, foni ili yothima?

Apa ndi pamene pamandiwawa. Eni timashopu iti amakonda kunena kuti kasitomala salakwa. Chabwino, ndavomera. Koma ngati kasitomala salakwa, ndiye kuti alipo wina amene walakwa, ndipo nthawi zonse amasankha amene wavala epuloni. Amagula mkaka wotchipa umene suchita thovu, wokalipiridwa ndine. Amakweza mtengo wa sangweji n'kuchepetsa tchizi, woyang'anizana ndi nkhope yokwiya ndine. Amalemba pa menyu zinthu zimene zinatha sabata yatha, wopita ku tebulo kukanena kuti palibe ndine. Tebulo likathawa osalipira, bilu yake ndi yanga. Kapu ikasweka, ndi yanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma kuno wodwala m'mimba ndi wina, wotumidwa kuchitseko ndi wina.

Chaka cha 2023 sindidzachiiwala. Magetsi ankathima pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina maola awiri, nthawi zina anayi. Shopu yathu inalibe jenereta, inali ndi kainivete kongoyatsa mababu ndi makina olipirira pa khadi. Magetsi akabwera, makina a khofi amafuna mphindi makumi awiri kapena kuposerapo kuti atenthe. Kasitomala akuona magetsi ayaka, iye akuganiza kuti ndikuchita ulesi. Abwana anatiletsa kulemba chikwangwani pakhomo chowachenjeza anthu, ati tithamangitsa makasitomala. Ndiye munthu ankalowa, n'kukhala pansi, n'kudikira, kenako n'kutuluka atatukwana. Kumuuza zoona pakhomo pomwe kukanatipulumutsa tonse. Mu Ogasiti chaka chomwecho ma taxi ananyanyala sabata yathunthu, mabasi ena anatenthedwa, anthu ankayenda wapansi mumsewu wa N2 usiku. Ndinayenda maola awiri kuti ndifike pa ntchito. Mayi wa kukhitchini analephera kubwera chifukwa kwawo kunali moto. Ndinaphika ndekha, ndinaperekera ndekha. Madzulo ake wina analemba pa Google kuti woperekera zakudya wa pamenepa samwetulira, n'kupereka nyenyezi imodzi. Abwana anandiwerengera mawu amenewo pamaso pa anzanga. Sanafunse n'komwe kuti ndinafika bwanji.

Nkhani ya nyenyezi za pa Google imeneyi yasintha zinthu kwambiri. Kale munthu akakhumudwa ankaitana manejala, n'kukambirana pomwepo. Lero ambiri amadya mwakachetechete, ukawafunsa ngati zonse zili bwino amagwedeza mutu, kenako akafika m'galimoto amalemba ndime yathunthu. Ine ndimalemekeza kwambiri kasitomala amene amandiuza pamaso. Iyeyo wandipatsa mpata wokonza. Dzira lapsa kwambiri, ndibweza kukhitchini. Tiyi wazizira, ndiwiritsa wina. Koma zimene zalembedwa usiku sindingazikonze, zimangosanduka ndodo yondikwapulira m'mawa.

Sindikunena kuti ife operekera sitilakwa. Ndaonapo anzanga akusewera pa foni kasitomala ataimirira pa kauntala. Ndaonapo wina akutsutsana ndi munthu amene wapeza tsitsi m'chakudya, ati si langa. Zimenezo n'zoipa, ndipo ndimawadzudzula. Ntchito iyi ndimaidziwa ndipo ndimainyadira. Munthu akadandaula, ndimasiya chimene ndagwira n'kumuyang'ana, ndimamulola amalize kulankhula, ndimachotsa mbaleyo patsogolo pake msanga kuti isapitirize kumupsetsa mtima, ndipo ndimamuuza nthawi yeniyeni imene adikire. Ngati ndi mphindi khumi ndi zisanu ndimanena zomwezo, sindinama kuti ziwiri. Anthu ambiri amakhululuka akaona kuti sukuwapusitsa. Zonsezi palibe bwana amene anandiphunzitsa. Ndinaziona kwa azakhali anga amene anali ndi tiyirumu pa msika wina kwathu ku Thyolo. Munthu akanena kuti tiyi wachepa mkaka, ankamuonjezera pomwepo. Sikono ikakhala ya dzulo, ankamusinthira. Ankatha kutero chifukwa mwini tiyirumu, mwini ketulo ndi womva dandaulo anali munthu mmodzi. Kuno womva dandaulo alibe mphamvu, ndipo wamphamvu sapezeka kuti amve.

Pali makasitomala ena amene vuto lawo si khofi. Akangomva kalankhulidwe kanga amafunsa kuti ndimachokera kuti, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chimene ndabweretsa chimakhala ndi cholakwika. Wina anandiwombera zala ngati akuitana galu. Wina anandiuza kuti ndibwerere kwathu chifukwa ndinamupempha abwerezenso oda yake, pamalo pali phokoso la makina ogayira khofi. Ndinayang'ana kwa abwana amene anali pafupi, ndikuyembekeza kuti anena kanthu. Iwo anamupatsa keke yaulere munthuyo. Tsiku limenelo ndinakalirira kuseri, pafupi ndi mabini.

Ndiye pali mawu aja amene amatinyengerera nawo: Amalawi ndi anthu ofatsa, okhulupirika, sayankha mwano. Pa Facebook muona anthu akufunafuna Mmalawi woti awagwirire ntchito. Poyamba ndinkasangalala nawo mawu amenewa. Panopa ndikawamva mtima umandipweteka, chifukwa ndazindikira chimene ena amatanthauza. Akufuna munthu woti akamudula ndalama angoti zikomo bwana. Ulemu umene makolo athu anatiphunzitsa ausandutsa chingwe chotimangira.

Lamulo la dziko lino silili kumbali yawo, ndipo abale anga ambiri sadziwa. Malipiro otsikitsitsa anali R27.58 pa ola kuyambira Marichi 2024, ndipo anakwera kufika R28.79 mu Marichi 2025. Matipi, ndalama zimene makasitomala amatipatsa pothokoza, sawerengedwa ngati gawo la malipiro amenewa. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act, pa gawo 34, limati bwana sangangokudula ndalama chifukwa chinthu chawonongeka kapena chasowa. Pamafunika kuti unavomera polemba, kuti kulakwa kunalidi kwako, kuti wapatsidwa mpata wofotokoza mbali yako, ndipo zodulazo zisapitirire kota ya malipiro ako. Ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pakati pa antchito ndi mabwana awo, sakulipiritsa kuti akumvere. Ngakhale khoti la zantchito linagamula mu 2008 kuti mlendo amene mapepala ake sali bwino ndi wantchito ndithu ndipo ali ndi ufulu wodandaula.

Koma kudziwa lamulo n'kwina, kulimba mtima n'kwina. Tonse tinaona zimene zinachitika mu Seputembala 2024 ku Menlyn, ku Pretoria, mtsikana wina woperekera zakudya atadandaula pa TikTok kuti amagwira ntchito popanda malipiro enieni, kudalira matipi okha. Akuluakulu a boma anapitadi kukafufuza, koma mwa anthu amene anamangidwa munali antchito achilendo opanda mapepala. Uthenga umene unafika m'makomboni mwathu, ku Capricorn, ku Dunoon, ku Masiphumelele, unali wakuti ukadandaula woyamba kukwera galimoto ya polisi ndiwe. Ndiye munthu amaganiza za lendi, za fizi ya ana kumudzi, za feteleza amene mayi akudikira kuti ndalama yake ifike pa Mukuru mvula isanagwe, n'kumeza mawu. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Mabwana awa mwambiwo saudziwa, koma amaugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Zimene ndikupempha si zazikulu. Makina akonzedwe. Loweruka pakhale munthu wachinayi. Andilole kuchotsa khofi mmodzi pa bilu popanda kuimba foni, popeza ndine amene ndikumuona kasitomalayo m'maso ndipo ndikudziwa ngati akunena zoona kapena akungofuna zaulere. Ndipo munthu akanditukwana chifukwa cha kumene ndinabadwira, mwini shopu aimirire n'kumuuza kuti atuluke. Pa shopu yanga yoyamba panali mayi wina mwini malo amene ankachita zimenezi. Dandaulo likabwera ankavala epuloni n'kupita yekha ku tebulo, n'kunena kuti mlandu ndi wake. Tikatseka ankatifunsa modekha chimene chinachitika. Shopu yake inagwa nthawi ya Covid mu 2020, ndipo mpaka lero ndimamukumbukira. Choncho ndikudziwa kuti n'zotheka.

Mwezi uno pa pepala langa la malipiro adula R386: khofi wa mayi uja, tebulo limodzi lothawa, ndi makapu awiri amene anasweka m'sinki ine ndili kutsogolo. Ndajambula pepalalo, ndasunganso mauthenga onse a pa WhatsApp okhudza makina aja. Mayi wa kukhitchini akuti ndizisiye, ntchito ikusowa. Mkazi wanga naye akuti ndidikire Disembala adutse. Ine ndapempha kuti Lachinayi ndisalowe m'mawa, ndipo sindinawauze abwana kumene ndikupita.