Chenjezo kwa Makolo ndi Aphunzitsi: Lekani Kuthamangira Mapiritsi a ADHD

Makolo anzanga ndi inu aphunzitsi, khalidwe lothamangira kunena kuti mwana aliyense wotakataka ali ndi ADHD (vuto lochititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kutakataka mopitirira muyezo ndi kuchita zinthu mopupuluma) lafika poti tilidzudzule poyera. Mwana akangolephera kukhala phee m'kalasi, kholo limawerenga zizindikiro pa intaneti, n'kugamula lokha, ndipo kukacha limakaumiriza dokotala kuti alembe mapiritsi. Ena afika pomwetsa mwana wawo mankhwala amene analembedwera mwana wa mnzawo, zomwe ndi kusewera ndi moyo.

Vutoli lilipodi, ndipo limagwira ana pafupifupi 5 pa 100 alionse padziko lapansi. Koma ku United States, bungwe la boma loona za matenda la CDC linapeza kuti pofika 2022 ana pafupifupi 7 miliyoni, omwe ndi oposa 11 pa 100 alionse azaka 3 mpaka 17, anali atauzidwapo kuti ali nalo. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2018 anaonetsa kuti m'madera amene mwana amayamba sukulu ngati wakwanitsa zaka 5 pofika pa 1 September, ana obadwa mu August ankapezeka ndi ADHD kwambiri kuposa obadwa mu September. Kodi ubongo umadwala chifukwa cha mwezi wobadwa? Ayi ndithu. Obadwa mu August ndi amene amakhala aang'ono kwambiri m'kalasi, ndipo anzawo ena amawaposa pafupifupi chaka chathunthu, choncho chibwana cha msinkhu wawo n'chimene akuluakulu ankachiyesa matenda.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dokotala wodziwa ntchito yake amafuna umboni wakuti zizindikirozo zatha miyezi 6, zinayamba mwanayo asanakwane zaka 12, zimaoneka m'malo awiri kapena kuposerapo monga kunyumba ndi kusukulu, ndiponso zikusokonezadi maphunziro kapena kukhala kwake ndi anzake. Amafufuzanso zina zimene zimafanana nazo. Mwana amene samva bwino kapena saona zolembedwa pa bolodi amatopa n'kuyamba kuseweretsa cholembera. Amene amachezera pa foni usiku amafika m'kalasi mutu uli wolemera. Pali woferedwa, pali wozunzidwa amene akusunga chinsinsi mumtima, palinso wa mtundu wina wa khunyu amene amangoti maso tong'o kwa kamphindi, aphunzitsi n'kumati sakumvetsera. Mukamwetsa ana oterewa mapiritsi, vuto lenileni limatsala pomwepo likukula.

Mankhwala a methylphenidate, odziwika ndi dzina lakuti Ritalin, amathandiza kwambiri ana amene alidi ndi vutoli, koma amachepetsa chilakolako cha chakudya, amasowetsa tulo, amakweza kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ena amachedwa pang'ono kukula. N'chifukwa chake mwana wowamwa ayenera kumapimidwa kulemera, kutalika ndi kuthamanga kwa magazi nthawi ndi nthawi. Bungwe la madokotala a ana ku United States la American Academy of Pediatrics limalangiza kuti kwa ana azaka 4 ndi 5, choyamba chikhale kuphunzitsa makolo njira zowongolera khalidwe la mwana.

Inunso amene mwana wanu anapimidwa bwinobwino, musamusiyitse mankhwala mwa inu nokha chifukwa cha chenjezoli. Koma ngati dokotala walemba mapiritsi atangomuona mwana mphindi zochepa, osamva za kusukulu, osafunsa za tulo, makutu kapena maso, mufunseni chifukwa chake, ndipo yankho lake likapanda kukukhutiritsani kaonaneni ndi dokotala wina.