Agogo anu asanduka khoswe liti?

Ndinkati ndikhale chete, koma zimene ndaona ku Domwe sabata yathayi zandikwana. Akuluakulu ena amene manja awo akhala akunjenjemera kwa zaka, tinawapeza akusanza, maso ali tong'o, akukuwa kuti m'nyumba mwadzaza anthu, chikhalirecho munalibe ndi mmodzi yemwe. Kufunsa kuti chachitika n'chiyani, akuti mdzukulu wawathirira ufa wa kalongonda wosaphika m'phala, masipuni atatu. Ati waona pa WhatsApp kuti unabwezeretsa mu ubongo wa makoswe dopamine, mankhwala achilengedwe a mu ubongo amene amachepa mwa odwala matenda onjenjemeretsa a Parkinson!

Ana inu, mwatani kodi?

Makoswe a mu labotalewo akatswiri amachita kuwawononga ubongo dala powabaya mankhwala otchedwa 6-OHDA. Amawaika pa sikelo, mlingo wa mankhwala n'kuutengera kulemera kwa khosweyo, ndiye n'kumamuyang'anira tsiku ndi tsiku. Inu sikelo yanu ili kuti? Sipuni ya tiyiyo? Katswiri Arvid Carlsson anadzutsa akalulu olefuka powapatsa L-DOPA, mankhwala amene thupi limawasandutsa dopamine, mu 1957, koma panapita zaka khumi kuti George Cotzias, mu 1967, apeze kaperekedwe kake kwa anthu, kumaonjezera pang'onopang'ono. Madokotala zaka khumi, inu usiku umodzi ndi mamega a pa foni mwamaliza sukulu?

Inde, kalongonda ali ndi L-DOPA, sindikukana. N'chifukwa chake amayi athu ankamuwiritsa tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Mumayesa ankachita zimenezi chifukwa chosowa chochita? Mu 1989 m'dziko mwathu muno, Mozambique, anthu anazungulira mitu atadya nyemba zomwezi osataya madzi ake nthawi ya chilala.

Wina wayamba kugulitsa ufawu m'timabotolo pa msika, waikapo chithunzi cha ubongo. Wina waleketsa mayi ake mapiritsi a BP, ati chilengedwe chikwanira. Munthu akangonjenjemera, basi ndi Parkinson, wakuuzani ndani? Nanga kachasu sanjenjemeretsa? Chithokomiro nanga? Ngakhale L-DOPA wa kuchipatala, wotchedwanso levodopa, amene amamuphatikiza ndi carbidopa, sadzutsa maselo amene anafa kale. Amangothandiza otsalawo.

Akuluakulu aja tinawanyamula pa njinga yamoto mpaka ku Ulongwe, mdzukulu akulira m'mbuyo. Chikondi anali nacho, sindikutsutsa, koma akanatiphera munthu.

Pitani nawo kuchipatala makolo anuwo. Zoyesera pa iwo zitheretu lero.