CHENJEZO: Lekani kuseka amayi achikuta mutu ukawasokonekera

Zimene zachitika kuno ku Mchengautuwa sabata yathayi zandiwawa, ndipo sindikhala chete. Mtsikana amene wangochira kumene, khanda lisanakwanitse n'komwe masabata awiri, anatuluka m'nyumba mbandakucha, kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa kuja, wopanda nsapato, chitenje chimodzi chokha atamangira pachifuwa, mkaka ukudontha mpaka kunyowetsa nsalu. Ankayankhula yekha, akuti mwana ali m'nyumbamo si wake, amusinthira. Milomo itauma gwa, maso ali psuu ndi kusagona. Anthu anadzadza pamsewu. Mwa khamu lonselo, amene anavula juzi n'kumufunditsa ndi mayi mmodzi wogulitsa mandasi. Ena nonse munatulutsa mafoni. Dzuwa lisanafike paliwombo kanema anali atazungulira kale m'magulu a WhatsApp, pansi pake pali tizithunzi toseka. Inenso anandifika, ndipo wonditumizirayo ndi munthu amene timakhala naye benchi limodzi kutchalitchi.

Kodi munaleredwa ndi ndani ana inu? Akanakhala mlongo wanu, mukanamuimikira foni kumaso? Mtsikanayo adzachira, pakuti matendawa amachizika, koma adzayenda bwanji mumsika wa Taifa aliyense atamuona mmene analili muja? Mwana wakeyo akadzakula anzake adzamuonetsa kanema wa mayi ake kusukulu. Aliyense amene akumusungabe mufoni amufufute, ndipo amene munatumizira ena muwauze afufutenso.

Komatu ojambulawo ndi omalizira chabe. Mlandu waukulu uli m'nyumba. Oyandikana nawo akuti mtsikanayu anatha masiku angapo osagona ngakhale pang'ono, usiku wonse akupinda ndi kupindula matewera, akuimba nyimbo, kenaka n'kuyamba kulira. Onse ankaona. Bambo a mwana akuti, "Ndi matama, akufuna ndizingokhala pakhomo ameneyu." Apongozi akuti, "Ife tinabereka popanda zimenezi, atsikana amakono ndi aulesi." Zitafika poipa anamutengera kuphiri kwa mneneri wina, amene analamula kuti asale kudya. Munthu woyamwitsa, wotaya magazi dzana lomweli, asale kudya! Atayamba kulimbana nawo anamumanga manja ndi chingwe. Atabwerako n'pamene anathawa m'mawa uja, zipsera za chingwe zikuoneka m'mikonomu. Kuchipatala ndi kumene anakuganizira pomaliza penipeni.

Ine ndine wopemphera, musandimve molakwa. Mupempherereni wodwala, koma muzimupempherera ali pabedi la kuchipatala. Khanda likatentha thupi mumathamanga usiku kukafuna kabaza. Nanga mayi ake akasokonezeka mutu, bwanji mumayamba kufufuza amene wamulodza?

Mukudziwa nonse kuti thupi la mayi silikhala chimodzimodzi akachira, kungoti mumafuna kuiwala kuti mutu nawo ndi thupi. Miyezi 9 yonse ya pakati, mahomoni (timadzi toyenda m'magazi tolamulira ntchito za thupi) otchedwa estrogen ndi progesterone amakwera kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse pamoyo wa mkazi, ndipo ambiri amapangidwa ndi nsengwa. Nsengwa ikangotuluka, mahomoniwo amagwa m'masiku ochepa okha. Ubongo umene unawazolowera, umene umawadalira pa tulo, pa kukhazikika kwa mtima ndi pa kukumbukira zinthu, umagwedezeka. Mphika wadothi mukauphula pamoto n'kuuthira madzi ozizira pompo, mukuyembekeza kuti utani? Onjezanipo magazi amene wataya, bala la opaleshoni kapena zosoka, khanda lolira usiku wonse, ndi mwamuna wobwera pakati pa usiku akufuna nsima yotentha.

Kulira popanda chifukwa m'masiku oyambirira kumachitikira amayi ambiri, ndipo kumatha kokha masabata awiri asanadutse. Amene tinabereka tikukudziwa. Koma masabata awiri akadutsa mayi akadali wokhumudwa, chakudya sichikulowa, tulo sitikubwera ngakhale mwana atagona, sakusamba, akuyang'ana khanda lake ngati la mlendo, amenewo ndi matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti m'maiko osauka ngati lathuli, amayi pafupifupi 20 mwa 100 alionse amavutika maganizo akangobereka. Werengani amayi amene amakhala pamzere wa sikelo kuchipatala cha Mapale m'mawa umodzi, muone kuti ndi angati amenewo. Ndiye pali mtundu woopsa uja umene unagwira mtsikana wathuyu, wobwera mwadzidzidzi kawirikawiri m'masabata awiri oyamba: kusagona konse, kumva mawu amene ena sakuwamva, kukhulupirira zinthu zoti palibe. Umagwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000 alionse obereka. Umenewu si wodikira mawa. Ukauchedwetsa umapha mayi, nthawi zina ndi mwana yemwe, ndipo mukadzamva kuti khanda lapezeka m'chimbudzi ndinu nomwe mudzakhale patsogolo kutola miyala.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ife amayi akuluakulu. Timapita kukaona mwana titanyamula sopo ndi kaufa, n'kumulandira, kumuyang'ana mphuno kuti wafanana ndi ndani, kufunsa ngati mchombo wagwa, n'kutsanzika. Mayi ali pakona apo, duku litapendekeka, phala la m'mawa lazizira m'mbale osalikhudza, palibe womufunsa kuti, "Mwana wanga, usiku wagona?" Akalimba mtima n'kunena kuti, "Amayi, ine ndikuona ngati ndine mayi woipa, bola mwanayu akanabadwira kwa wina," timamudula pakamwa. Eti thokoza Mulungu, anzako akumufuna mwana osamupeza. Eti mkazi amapirira. Akanena kuti watopa ndi moyo timamukalipira kuti asalankhule zamwano. Ndiye adzauzanso ndani? Munthu akanena kuti akufuna kufa, mumukhulupirire, musamusiye yekha, ndipo tsiku lomwelo apite kuchipatala. Anankungwi inu, mumadziwa kulangiza za masiku odikira mwamuna ndi za mchere, bwanji izi simuzitchula? Amayi a Umanyano ndi a magulu ena a m'mipingo, mukapita kukacheza kwa wachikuta, mmodzi atsale, achape matewera, anyamule khanda kuti mayiyo agone ngakhale maola awiri.

Ndipo ife a ku Mzuzu tilibe pothawira. A St John of God akhala akuthandiza odwala maganizo mumzinda uno kwa zaka zambiri, ndipo anthu amachokera ku Karonga ndi ku Chitipa kudzafuna thandizo limeneli, pamene ife tili pakhomo pake penipeni tikumanga odwala ndi zingwe. Chipatala chachikulu cha Mzuzu Central chili ku Luwinga konkuno. Mukuopa kuti anthu anena kuti m'banja mwanu muli wamisala? Ndiye bola anene kuti m'banja mwanu muli maliro? Dziwaninso kuti mayi wachikuta akayamba kubwebweta, nthawi zina vuto limakhala bala limene lalowa tizilombo, malungo, kuthamanga kwa magazi kapena chithokomiro chimene chasokonekera. Mneneri ayeza ndi chiyani zimenezo? Mankhwala oti mayi atha kumwa uku akuyamwitsa alipo, koma wosankha ndi dokotala. Lekani kugula mapiritsi ogonetsa kwa anyamata a mumsika n'kumamusungunulira mutiyi. Ndipo ulendo wa kusikelo pa masabata 6 si wa katemera wa mwana yekha. Mayi anene kwa anamwino zimene zili mumtima mwake, ndipo inu apongozi musamuyankhire.

Ena mundiuza za vimbuza, gule wovinitsa odwala kuti achire. Ndakhala kumpoto kuno nthawi yaitali, ng'oma zake ndazimva usiku, ndipo sindinyoza mwambo wa eni dera. Ndimaona kuti kumeneko mkazi wovutika amazunguliridwa ndi abale, amamuimbira, samusiya yekha, zimene ife a m'tauni tataya. Koma ng'oma sitsitsa kutentha kwa thupi, ndipo mayi amene akuti khanda si lake sangadikire kuti mupeze woimba ng'oma Loweruka.

Mahomoniwa sasokoneza mutu pa uchembere pokha ayi. Alipo atsikana ndi amayi amene mwezi ndi mwezi, kukatsala sabata imodzi kapena awiri kuti apite kumwezi, mtima umawada bii, amakwiya msanga, zophunzira sizilowa m'mutu, ena mpaka kuganiza zodzipha, kenaka akangoyamba kusamba zonse zimapepuka. Kunyumba mumangoti ndi wamwano. Kusukulu mumamupatsa chibalo. Wina angasankhe mwano wobwera pa tsiku lake mwezi uliwonse? Muuzeni azilemba masikuwo m'kope, akaonetse kuchipatala. Chimodzimodzi mayi amene wayamba jakisoni kapena mapiritsi olerera n'kuona kuti mtima wake wasintha: abwerere kwa anamwino akakambirane njira ina, zilipo zambiri. Osangosiya mwakachetechete chifukwa mnzake wa ku banki m'khonde wamuopseza, mapeto ake n'kutenga mimba imene sanaikonzekere.

Nanga amayi anu okuberekani, mukuwachita zotani? Mkazi amasiya kusamba kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo zaka zingapo izi zisanachitike estrogen amakhala akukwera ndi kutsika mosalongosoka. Mayi amadzuka pakati pa usiku mu July, Mzuzu yense atafunda mabulangete awiri, iye thukuta lili kamukamu, n'kutuluka panja kukapitidwa mphepo. Kukacha mutu uli zii, amathira mchere kawiri m'ndiwo, amaiwala pamene waika makiyi a shopu, dzina la munthu womudziwa bwino limamuthawa pakamwa. Amadziopa yekha, amaganiza kuti mutu wayamba kutha, pamene kwa ambiri kuiwalaku kumachepa thupi likakhazikika. Inu m'malo momulimbitsa mtima mumamuseka kuti wakalamba. Kuntchito mumayamba kunong'onezana zomuchotsa paudindo. Ndipo wina akangomuona ali panja usiku uja, mawa lake mbiri yawanda kuti mayi wakutiyo amatamba. Mukudziwa bwino mmene mbiri zoterezi zimathera m'dziko muno, nyumba kuotchedwa, agogo kugendedwa. Lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, ndipo kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mayi wotere akavutika kwambiri apite kuchipatala, thandizo lilipo, asamangoti ndi ukalamba.

Azibambo, ndamalizira inu dala. Mkazi wachira Lachiwiri, Lachisanu mwayamba kale kufunsa kuti bwanji malaya sanasitidwe. Mwana akalira usiku mumasamukira pabalaza kuti mugone bwino. Mkazi akulira mumati akukuchititsani manyazi kwa anzanu, n'kumutumiza kumudzi kwa amayi ake kuti akabwere akadzasiya zopusazo. Wina mpaka amapeza chibwenzi mwezi womwewo, eti kunyumba kulibe mtendere. Ndi inu mumagona naye chipinda chimodzi, ndi inu oyamba kuona kuti munthuyu sakugona, sakudya, akuyankhula zosamveka. Mukudikira kuti akuuzeni ndani? Ndalama ya kabaza yopitira kuchipatala mumati mulibe, koma ya mowa ndi yobetchera mpira siisowa. Manyazi mulibe.