Alamu, .44 Magnum ija iyambe yadikira

Loweruka lapitali alamu anga anandiimbira foni ali m'shopu ya mfuti kuno ku Indiana, ku America, mawu ali m'mwamba ndi chisangalalo. Akuti apeza Smith & Wesson Model 29 ya .44 Magnum, mfuti ya m'manja ya zipolopolo zamphamvu kwambiri, mpope wautali, chitsulo chakuda bii chonyezimira, chogwirira chathabwa chokongola. M'sefa mwawo muli kale mfuti zitatu, ziwiri za 9mm ndi shotgun imodzi, ndiye akufuna revolver yawo yoyamba, mfuti imene zipolopolo zake zimakhala m'mabowo a silinda yozungulira. Ndinawapempha kuti abweze kaye khadi m'thumba, tikambirane. Sanasangalale, ndipo ndikudziwa kuti awerenga zimenezi, choncho ndikulemba poyera kuti ena amene ali ndi maganizo ngati awo amve nawo.

Kwa inu amene muli kumudzi nkhaniyi ikhoza kumveka yachilendo, chifukwa kwathu mfuti timaiona paphewa la wapolisi kapena msilikali, ndipo kukhala nayo n'kovuta, kumafuna chilolezo cha apolisi. Kuno zinthu n'zina. Munthu wokhala movomerezeka, wa zaka 21 kupita m'tsogolo, amalemba fomu ya 4473 m'shopu, amamufufuza mbiri yake, ndipo ngati alibe mlandu amamugulitsa. Alipo ambiri amene amasonkhanitsa mfuti monga mmene ena amasonkhanitsira mawotchi kapena galimoto zakale. Ine ndine mmodzi wa iwo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Maganizo anga ndi akuti magnum yoyamba kulowa m'sefa mwa munthu ikhale .357, yocheperapo mphamvu kuposa .44, ya mpope wa mainchesi 4, yachitsulo cholemera bwino. Ya .44 ibwere pambuyo, ngati idzafunikedi.

Ndikunena izi chifukwa .44 ndinaigwirapo ndisanakonzeke. Ndinabwereka ku range, malo oyeserako kuwombera, tsiku lina, ndili ndi chidwi ngati cha alamu angawa. Chipolopolo choyamba chinandigwedeza mpaka m'chigongono, chala chapakati chinamenyeka ndi chitsulo chotchinga trigger. Pofika chachinayi zipolopolo zinayamba kugwera pansi pa chandamale, chakumanzere. Bambo wina wachikulire amene ankayang'anira pamenepo anatenga mfutiyo, anaika zipolopolo zinayi n'kusiya mabowo awiri opanda kanthu, anazunguza silinda n'kutseka ine ndisakuona, kenako anandipatsa. Nditakoka trigger pa bowo lopanda kanthu panamveka kaphokoso kakang'ono chabe, koma mpope unagwadira pansi wokha ndipo maso anga anali atatsinzina. Thupi linali litaphunzira kuopa mfutiyo isanalire. Zinanditengera miyezi kuti chizolowezi chimenecho chichoke, ndipo chinandisokoneza ngakhale pa mfuti zazing'ono zimene ndinkawombera bwinobwino kale. Sindikufuna kuti alamu anga adutse m'menemo.

Chimene chimandikopa pa .357 ndi mmene anaipangira. Inatuluka mu 1935, ya Smith & Wesson mogwirizana ndi Winchester, pambuyo poti akatswiri a mfuti ngati Elmer Keith ndi Philip Sharpe akhala akuwonjezera onga m'zipolopolo za .38 Special kuti aone kuti chitsulo chingapirire mpaka pati. Mutu wa chipolopolo cha .38 Special ndi wa .357 Magnum ndi wofanana kukula kwake. Kusiyana kuli pa khoko: la .357 analitalikitsa ndi mamilimita 3 ndi pang'ono, mwadala, kuti lisalowe m'mfuti zakale za .38 zimene sizingapirire mphamvu yake, poti mphamvu ya onga mkatimo ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ndiye kuti chachitali sichilowa m'mfuti ya .38, koma chachifupi chimalowa bwinobwino m'mfuti ya .357. Mukagula imodzi mwagula ziwiri. Lamlungu masana mukhoza kuwombera zipolopolo 100 za .38 Special dzanja osamva kanthu, akazi anu kapena mnzanu amene akuphunzira kumene n'kuyesa nawo, kenako pomaliza n'kuika zisanu ndi chimodzi za .357 kuti mumve kuti magnum amatanthauza chiyani.

Wina anena kuti .44 Magnum nayo imalola .44 Special. N'zoona. Koma pitani m'mashopu mukaone kuti .44 Special mupeza mabokosi angati pashelefu, ndipo pa mtengo wanji. Za .38 zimapezeka paliponse ndipo n'zotsikirapo mtengo. Mfuti imene zipolopolo zake zimakuboolani m'thumba mumaiwombera kawiri pachaka, kenako imangogona m'sefa.

Sindikunyoza .44. Elmer Keith yemweyo ndi amene anaumiriza Remington ndi Smith & Wesson mpaka inatuluka chapakati pa zaka za m'ma 1950, ndipo anaifunira ntchito yeniyeni: kusaka nyama zikuluzikulu ndi mfuti ya m'manja. Munthu wokhala ku Alaska kapena ku Montana, amene akhoza kukumana ndi chimbalangondo popita kokawedza nsomba, ali ndi chifukwa chomveka chonyamulira Model 29 kapena Ruger Redhawk. Ifeyo timawombera mapepala pa mtunda wa mamita 15 m'nyumba yofolera. Za .500 S&W Magnum imene inabwera mu 2003 ndiye sindikambako n'komwe.

Tsono .357 yake iti? Apa ndi pamene anthu amakanganirana mpaka mtima kupsa.

Ambiri amathera pa ziwiri: Smith & Wesson 686 ndi Ruger GP100. Zonse zikakhala za mainchesi 4 zimalemera kupitirira kilo imodzi pang'ono, ndipo kulemera kumeneko ndi kumene kumameza kukankha kwa mfuti. 686 inabadwa chifukwa cha vuto lenileni. Panali Model 19, imene Bill Jordan wa ku Border Patrol, apolisi olondera malire a America, anapempha kuti ipangidwe, yopepuka bwino yoti wapolisi n'kuyenda nayo m'chiuno tsiku lonse. Apolisi atayamba kuiwombera kwambiri ndi zipolopolo zaukali zopepuka mutu, zina zinayamba kung'aluka pakamwa pa mpope, pamene chipolopolo chimalowera chikachoka m'silinda, poti pansi pake chitsulo chinali chopyapyala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kampaniyo inatulutsa thupi lokulirapo, L-frame, ndipo 686 ndi mwana wa pamenepo. Trigger yake ndi yofewa, imayenda ngati yapakidwa mafuta kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Pali ina yotchedwa 686 Plus imene imalowa zipolopolo 7.

GP100 inabwera mu 1985, ndipo a Ruger anaganiza mwa njira ina. Thupi lake lilibe chivindikiro cha m'mbali chomangidwa ndi masikuluwu ngati cha Smith & Wesson, ndi chitsulo chathunthu mbali zonse ziwiri, ndipo zamkati zimatulukira pansi. Silinda yake imakhomeka kutsogolo ndi kumbuyo. Ikakhala yatsopano trigger yake ndi yolimbirako, koma imafewa mukamaigwiritsa ntchito. Ine yanga ndi imeneyi. Si yokongola ngati zinazo, koma ndaiwombera zaka zambiri ndipo silinda ikadali yolimba ngati tsiku limene ndinaigula. Alamu akatenga 686 sindidandaula, poti manja awo ndi ang'onoang'ono kuposa anga ndipo trigger yofewa iwathandiza. Chokhacho chimene ena amadana nacho pa za Smith & Wesson zambiri za masiku ano ndi kabowo ka kiyi wotsekera mfuti kamene anayamba kuika m'mbali chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Amene sakukafuna amasaka zakale.

Colt Python ndiye imandivuta kuikamba mopanda tsankho, chifukwa ndimaikonda. Inatuluka mu 1955, anasiya kuipanga mu 2005, n'kuibweretsanso mu 2020. Zakale zija zinkamalizidwa ndi manja, mmisiri kupala kachitsulo kalikonse mpaka kakhale m'malo mwake, ndipo mtundu wake wabuluu wakuya uja mukauona pa kuwala simuiwala. Koma ndaona zimene zimachitika munthu akagula yakale pa mtengo wa madola masauzande angapo. Amaitulutsa ndi kansalu, kuonetsa alendo, n'kuibwezera. Amaopa kuiwombera chifukwa mtengo ungatsike, komanso amisiri odziwa kukonza zamkati mwake atsala ochepa. Yatsopano ija ndi yolimba ndipo mukhoza kuiwombera mosaopa, kungoti ndalama yake n'kugulira GP100 ndi mabokosi ambirimbiri a zipolopolo. Kwa munthu amene ali ndi revolver zinayi kale, Python ndi yoyenera. Kwa woyamba kumene, ayi.

Ndikudziwa kuti osonkhanitsa ena anditsutsa. Adzati kusonkhanitsa ndi nkhani ya mbiri ndi kukongola, kuwombera n'kwina. Ndimawamvetsa, ndipo ngati mbiri ndi imene mukufuna, .357 ili nayo yochuluka kuposa .44. Zoyambirira zija za 1935 zinkatchedwa Registered Magnum, iliyonse inkapangidwa monga mwa oda ya mwini wake ndipo inali ndi nambala yakeyake. J. Edgar Hoover, yemwe anali mkulu wa apolisi ofufuza milandu a FBI, analandira imodzi, George Patton, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a America, ankayenda ndi ina. Mdzukulu wa mfuti zimenezi ndi Model 27. Ngakhale ku France, apolisi apadera a GIGN anasankha .357, Manurhin MR73. Komabe kwa ine mfuti imene sindikuidziwa kulira kwake, kulemera kwa trigger yake, ndi kumene imaponya chipolopolo, sindingati ndi yanga kwenikweni.

Alamu, ngati mupita kukagula yogwiritsidwapo kale ntchito, musachite manyazi kuiyesa pamaso pa wogulitsa. Tsegulani silinda muone ndi maso anu kuti mabowo onse alibe kanthu. Pemphani chilolezo, kenako kokani kanyundo kakumbuyo kwa mfutiyo pang'onopang'ono pa bowo lililonse, mumvetsere ngati silinda ikukhomeka kanyundo kasanafike kumapeto. Ikachedwa ndiye kuti mfutiyo ikufuna mmisiri. Gwedezani silinda chakutsogolo ndi chakumbuyo, isamayende kwambiri. Walitsani tochi pakamwa pa mpope muone ngati pali mng'alu. Suzumirani m'mabowo a silinda: mukaona mzere wakuda wozungulira mkati, mwini wake ankawombera .38 zambiri osatsuka, ndipo zimenezo zimachoka ndi burashi, koma mukazisiya za .357 zimavuta kulowa ndi kutuluka.

Chinthu china chimene anthu ozolowera 9mm sadziwa: pakati pa silinda ndi mpope pali kampata kakang'ono, ndipo mfuti ikalira pamatuluka moto ndi mpweya wamphamvu cham'mbali. Chala chachikulu chikapitirira n'kufika pamenepo, magnum imachivulaza zenizeni. Zala zonse zikhale kumbuyo. M'makutu muziika zotsekera zamkati ndi zakunja zomwe, makamaka mukamawombera m'nyumba, chifukwa kulira kwa .357 n'kobaya ndipo khutu likawonongeka silibwerera.

Ndipo poti kunyumba kwanu kuli ana aang'ono awiri, revolver ilibe batani loitsekera ngati mfuti zina. Ikakhala ndi zipolopolo, wokoka trigger aliyense iwomba. Ikafika kunyumba ilowe m'sefa tsiku lomwelo, zipolopolo zikhale pena, nambala ya sefa idziwike ndi inu ndi mlongo wanga basi.

Loweruka likudzali ndibwera kudzakutengani 9 koloko m'mawa. Ndinyamula GP100 yanga, mabokosi awiri a .38 ndi limodzi la .357. Ku range tikabwerekanso .44 ndi 686, ndalama yobwerekera ndilipira ine, ndipo mukawombera zonse zitatu musanabwerere ku shopu kuja.