Beira kapena Dar es Salaam: nyanja imalipiritsa mosiyana

Munthu amene wapita kugombe masiku atatu, n'kujambulitsa zithunzi mapazi ali mumchenga, sangatiuze zoona za mzinda wa m'mbali mwa nyanja. Mlendo ndi mame. Amene angatiuze ndi bambo uja amasintha malata pakangopita zaka zochepa chifukwa mphepo yamchere yawadya dzimbiri, kapena mayi amene akangomva kuti kukubwera chimvula amayamba wakweza matiresi pamwamba pa tebulo. Ndakhala ndikulingalira za mizinda iwiri ya mayiko oyandikana, Beira ku Mozambique ndi Dar es Salaam ku Tanzania, ndipo funso langa ndi la eni mzinda: kodi zimene nyanja imawapatsa zimaposa zimene imawalanda?

Anthu ambiri a m'mizindayi sanapiteko chifukwa cha kukongola kwa mafunde. Anatsatira doko. Beira inayamba mu 1887 ngati kamsasa ka asilikali a Chipwitikizi pamathiriro a mtsinje wa Pungwe, pamalo amene mlimi wanzeru sakanamangapo ngakhale khola la mbuzi: dambo lokhalokha, udzudzu, ndi nthaka yotsika imene madera ena imangolingana ndi madzi a m'nyanja akakwera. Koma sitima zapamadzi zinkafuna poima, ndipo njanji yopita kudziko limene lero ndi Zimbabwe inkafuna poyambira. Dar es Salaam anaiyambitsa ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Mzizima, chifukwa pali doko lobisika bwino ku mafunde, ndipo Ajeremani anaisandutsa likulu lawo mu 1891. Mpaka lero mizinda iwiriyi imadyetsedwa ndi mayiko opanda gombe. Paipi ya mafuta yochoka ku Beira imakathera kufupi ndi Mutare, yochoka ku Dar es Salaam imakathera ku Ndola, ndipo njanji ya TAZARA imayenda makilomita 1,860 mpaka ku Kapiri Mposhi. Dalaivala wa thiraki, wonyamula katundu padoko, mayi wophikira madalaivalawo, mnyamata wothamanga ndi mapepala a kasitomu, onsewa amadya za nyanja ngakhale atatha mwezi wathunthu osaiona ndi maso.

Pa nkhani ya mwayi wa ndalama, palibe chopikisana. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 5.3 miliyoni ku Dar es Salaam, pomwe mu 2012 analipo pafupifupi 4.4 miliyoni. Pa zaka khumi zokha mzindawu unawonjezera anthu okwana pafupifupi ma Beira awiri, poti Beira ili ndi anthu oposa pang'ono theka la miliyoni. Pamene pali khamu lotere, chilichonse chimagulika. Pamsika wa Kariakoo munthu angayambe ndi thumba limodzi la katundu, ndipo ogula amachokera mpaka ku Congo ndi ku Zambia. Beira ilibe msika wa msinkhu umenewo; ntchito zambiri zolongosoka zimazungulira padoko, panjanji ndi pausodzi, ndipo malori akachepa mumsewu wa ku Machipanda, pamalire ndi Zimbabwe, mzinda wonse umamva.

Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a mizinda iwiriyi ndi osiyana.

Beira imalipira mwa kamodzi, ndipo ikamalipira imasiya chilichonse. Usiku wa pa 14 March 2019 namondwe wa Idai anagwera pamzindawu mwachindunji. A Red Cross atauwona kuchokera mumlengalenga anati pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse anali atawonongeka. Magetsi anazima, mafoni anasiya kugwira, msewu waukulu wotulukira kumtunda unaduka, ndipo kwa masiku angapo mzinda wa doko unasanduka chilumba. Ku Mozambique kokha kunafa anthu oposa 600. Madzi asanaphwe bwinobwino kunabuka kolera, moti panafunika kubweretsa katemera pafupifupi 900,000. Anthu ali mkati mokhoma malata atsopano, mu January 2021 kunabweranso namondwe wina, Eloise. Si tsoka lachisawawa ayi. Beira inayang'anizana ndi mpata wa nyanja wa pakati pa Mozambique ndi Madagascar, pomwe madzi ofunda amapatsa anamondwe mphamvu chaka ndi chaka. Dar es Salaam ili kufupi kwambiri ndi mzere wogawa dziko lapansi pakati, kumene anamondwe amavutika kuzungulira n'kukula. Ngakhale Hidaya, amene anawopseza gombe la Tanzania mu May 2024, anakagwera kuchilumba cha Mafia n'kufowoka. Apa Atanzania sanachite zanzeru kuposa anzawo. Anangopezeka pamalo abwino.

Dar es Salaam imalipira pang'onopang'ono, tsiku lililonse, ndipo ndalama yake ndi nthawi. Amene amakhala ku Mbagala, ku Tegeta kapena ku Kimara amadzuka kusanache kuti akafike m'tauni dzuwa lisanakwere, ndipo madzulo amathanso maola ali chiimire mu daladala, maminibasi a kumeneko, thukuta lili kamukamu. Mzinda wa m'mbali mwa nyanja uli ndi vuto limene anthu saliganizira: ungakule mbali imodzi yokha, poti mbali inayo ndi madzi. Pakati pa tauni pali pagombe penipeni, choncho misewu ikuluikulu yonse imakakumana pamalo amodzi ngati zala zapachikhatho. Mu 2016 boma linatsegula mabasi oyenda mumsewu wawowawo, amene eni ake amawatchula kuti mwendokasi, makilomita pafupifupi 21 kuphatikiza nthambi zake, kuchokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni. Anathandizadi, ndipo mizinda ina ya mu Africa inkabwera kudzaphunzirako. Koma amadzaza mpaka zitseko kuvuta kutseka, ndipo chodabwitsa n'choti malo ogonekapo mabasiwo anawamanga ku Jangwani, m'chigwa cha mtsinje wa Msimbazi, pomwe mwana aliyense wa mumzindawo amadziwa kuti pamasefukira. Madzi saiwala khwawa, ngakhale khwawalo litakutidwa ndi simenti.

Msimbazi ameneyu ndiye amandichititsa kunena kuti madzi oopsa a Dar es Salaam amachokera kumbuyo, osati kutsogolo. Mtsinjewu umatsika kuchokera ku mapiri a Pugu, n'kudutsa m'madera othithikana, utanyamula mchenga ndi zinyalala zimene zimatseka pansi pa milatho. Mvula ya March mpaka May ikalimba, msewu wa Morogoro umatsekeka pa Jangwani ndipo mzinda umaduka pakati. Mu December 2011 kusefukira kwa madzi kunapha anthu ambirimbiri, boma n'kusamutsira mabanja a m'chigwa ku Mabwepande, kutali kumpoto kwa mzinda. Ena anakhazikika, ena anabwerera. Savuta kuwamvetsa. Munthu amene chakudya chake cha lero chimachokera pa ganyu ya ku Kariakoo sangakhale pamalo pofuna maminibasi awiri kapena atatu kuti akafike kuntchito. Amasankha kuopa madzi miyezi itatu m'malo moopa njala miyezi 12. Ndipo si ochepa amene ali pamavuto otere, poti pafupifupi anthu asanu ndi awiri mwa khumi alionse mumzindawu amakhala m'malo amene anamangidwa popanda mapulani.

Pamene mayiko awiriwa amasiyana kwenikweni ndi pa kayankhidwe kawo. Ku Beira nkhondo yolimbana ndi madzi inatsogoleredwa ndi khonsolo ya mzinda. Daviz Simango, katswiri wa zomangamanga amene anali mfumu ya mzindawu kuyambira pa chisankho cha 2003 mpaka imfa yake mu February 2021, sanali wa chipani cholamula cha Frelimo, ndipo ankadziwa kuti sangadikire Maputo pa chilichonse. Njira imene mzindawu unatsata inali yovomereza kuti madzi ndi eni malo, choncho apatsidwe podutsa. Kamtsinje ka Chiveve, kodutsa pakati pa tauni, kamene kanali katasanduka dzala lonunkha, anakakumba n'kukatsegulanso ndi ndalama za Ajeremani, n'kuikapo zitseko zimene amatseka nyanja ikakwera ndi kutsegula ikaphwa kuti madzi a mvula atuluke. M'mbali mwake anabwezeretsa mitengo yomera m'madzi amchere n'kupangapo paki. Ndi thandizo la World Bank anakonza ngalande zikuluzikulu za makilomita pafupifupi 11 ndi dziwe losungira madzi ku Maraza, ndipo ntchitoyi inatha Idai atatsala pang'ono kufika. Mphepo inasasula madenga, ngalande sizikanaletsa zimenezo, koma madera amene ngalandezo zimadutsa anaphwa msanga kuposa kale. Kuwonjezera apo, akatswiri a ku Netherlands, anthu amene dziko lawo nalonso limakhala mokangana ndi nyanja, anathandiza kulemba pulani ya mzindawu yofika 2035.

Kufowoka kwa njira imeneyi kuli poyera: pafupifupi chilichonse chachitika ndi ndalama za alendo. Pamsonkhano wa othandiza umene unachitikira ku Beira komweko miyezi iwiri ndi theka Idai atadutsa, panalonjezedwa madola 1.2 biliyoni pomwe dziko linkafuna 3.2 biliyoni. Ngalande imafuna kukumbidwa chaka chilichonse, zitseko za madzi zimafuna girisi ndi munthu wozilondera, ndipo wothandiza sakonda kulipira zinthu zosajambulika. Amene akufuna kuwona zimene zimachitika chinthu chachikulu chikasowa wochisamalira apite ku Grande Hotel, chinyumba chapamwamba cha m'zaka za m'ma 1950 chimene chinatsekedwa mu 1963, ndipo lero mumakhala mabanja ambirimbiri opanda madzi kapena magetsi olongosoka, mitengo ikumera m'makoma.

Ku Tanzania zinthu zimachokera kumwamba. Boma lalikulu ndilo limalamula, ndipo limakonda zinthu zooneka: mlatho wa Kigamboni mu 2016, mlatho wa Tanzanite wodutsa pamwamba pa nyanja mu 2022, njanji yamagetsi imene mu 2024 inayamba kunyamula anthu mpaka ku Dodoma. Mu 2021 Pulezidenti John Magufuli anathetsa khonsolo imene inkayang'anira mzinda wonse, udindo wa mzinda n'kuupereka ku Ilala, limodzi mwa madera ake. Ngakhale maganizo osamutsira likulu ku Dodoma, amene anavomerezedwa mu 1973 koma n'kudzalimbikira m'nthawi ya Magufuli, ndi a mtundu womwewo: ngati gombe ladzaza, nyamulani boma mupite nalo kumtunda. Boma linapitadi, koma doko silingasamuke, ndipo anthu akupitirizabe kubwera. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti zinthu zimatha, ndipo mbali yaikulu dziko limaziyendetsa lokha. Kuipa kwake n'koti mlatho wokongola umathandiza kwambiri amene ali ndi galimoto, pomwe wa ku Tandale akufuna ngalande yoti madzi a chimbudzi asalowe m'nyumba. N'zochititsa chidwi kuti ntchito yaikulu yokonza chigwa cha Msimbazi, imene World Bank inavomereza mu 2022, ikufuna kuchotsa nyumba m'malo otsikitsitsa, kukulitsa njira ya mtsinje ndi kusandutsa chigwacho paki. Mchimwene wamkulu wayamba kuchita zimene Beira inachita pa Chiveve.

Pali chinthu china chimene ndimachiwona kuti n'chofunika kuposa zonsezi. Ku Dar es Salaam kukoma kwa nyanja ndi mavuto ake zinagawidwa kwa anthu osiyana. A ku Masaki ndi ku Oyster Bay ali pamwala wokwera, kamphepo kayaziyazi kamawapeza pakhonde, ndipo Loweruka amatsikira ku Coco Beach wapansi. A m'chigwa amalandira chinyontho, udzudzu ndi matope, nyanjayo amaiona pa tchuthi. Ku Beira kulibe phiri loti wolemera athawireko. Nyumba zabwino za ku Macuti ndi ku Ponta Gêa zili pakamwa penipeni pa mafunde, ndipo gombe likudyeka chaka ndi chaka. N'zoona kuti wa denga la konkire ndi wa malata akale a ku Munhava kapena msodzi wa ku Praia Nova samva ululu wofanana, koma onse amagona akumvetsera wailesi namondwe akamayandikira. Ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake nkhani ya ngalande ku Beira imatha kupambanitsa munthu chisankho, pomwe ku Dar es Salaam imakumbukika mvula ikagwa basi.

Madzi akumwa nawo ndi nthabwala yowawa m'mizinda yonse iwiri. Dar es Salaam imadalira mtsinje wa Ruvu, ndipo utaphwa mu 2021 ndi 2022 mipope inkatuluka mosinthanasinthana. Zitsime za kufupi ndi gombe zikakumbidwa zambiri zimayamba kukoka mchere. Beira imatunga madzi ake kumtunda kwa Pungwe, kutali ndi kumene mchere wa m'nyanja umafika.

Tsono ndingasankhe uti? Mnyamata kapena mtsikana wopanda ana, wamphamvu zake, wofuna kuyamba geni, ndingamuuze kuti apite ku Dar es Salaam. Maola otayika mumsewu adzawabweza ndi kuchuluka kwa ogula. Koma kwa banja lokhazikika limene lingakwanitse nyumba ya njerwa yomangidwa pamaziko okwera, mtima wanga umapendekera ku Beira, ngakhale ndi Idai yemwe. Munthu amafika kunyumba kukuwala, ana amakula akudziwa gombe ngati bwalo lawo losewerera, ndipo ngoziyo, ngakhale ili yaikulu, ndi yoti mzinda wonse umaivomereza ndipo umaikonzekera. Kwa wosauka amene alibe chosankha koma kachipinda ka lendi m'dambo, sindikuwona kuti nyanja imamubwezera zimene imamulanda, kaya ndi ku Munhava kaya ku Jangwani.

Mnzanga wina atandifunsa za nyumba imene ankafuna kuchita lendi mu umodzi mwa mizindayi, ndinamuletsa kupita kukaiona mu July, nthawi imene kuli kouma ndipo mwini nyumba wangopaka kumene utoto. Ndinati akaione mu February ngati ndi ku Beira, mu April ngati ndi ku Dar es Salaam, ndipo asanalowe m'kati ayambe wayang'ana makoma a nyumba zoyandikana nayo, zimene eni ake alibe ndalama ya penti, kuti aone pamene mzere wa matope unalekezera.